Nyimbo ya Pata Pata Ifika pa Nambala 12

Ku America kuli nyuzipepala yotchedwa Billboard. Sabata iliyonse imasindikiza mndandanda wa nyimbo 100 zimene anthu akuzikonda koposa. Kale ankawerenga mbale zimene zagulidwa m'masitolo, ndiponso kuti nyimbo yamveka kangati pa wailesi. Tsono taonani: pa mndandanda wotere nambala yaing'ono ndiyo yapamwamba, monga m'mene zimakhalira kusukulu mwana akakhala nambala 1.

M'chaka cha 1967 pa mndandandawu panalowa nyimbo ya mai wa kuno ku Africa. Dzina lawo ndi Miriam Makeba. Iwo anabadwa m'chaka cha 1932 ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni. Nyimboyo ndi Pata Pata. M'Chixhosa dzinali litanthauza "gwira gwira", ndipo linali dzina la gule amene achinyamata a ku Joni ankavina m'zaka za m'ma 1950.

Nyimboyi sinali yachilendo ai. Mai Makeba anali ataiimba kale akadali kwawo. Atapita ku America anaijambulanso, ndipo kampani ya Reprise inaitulutsa pa kambale kakang'ono kaja, ka nyimbo imodzi mbali ino, ina mbali inayo. Pakambalepo analemba kuti opeka ndi Miriam Makeba ndi Jerry Ragovoy, ngakhale Dorothy Masuka, woimba wobadwira ku Bulawayo, ankanena kuti anapeka ndi iye.

Kambale kaja kanayenda malonda. Nyimbo inakwera mpaka inafika pa nambala 12. Pa nyimbo 100 zonse, 11 zokha ndizo zinali patsogolo pake. Si chinthu chapafupi chimenechi, pakuti ogula ambiri sankamva Chixhosa n'komwe. Ankangomva kukoma kwa mawu ndi kalizidwe kake, basi n'kudzuka kuvina.

Koma kwawo kunali zina. M'chaka cha 1960 mai awo owabereka anamwalira, ndipo boma la tsankho la South Africa linawakaniza kubwerera kukaika maliro. M'chaka cha 1963 iwo anaima pamaso pa bungwe la United Nations n'kufotokoza nkhanza zimene anthu akuda ankaziona kwawoko. Boma lija linakwiya, n'kuletsa mbale zawo. Choncho pamene alendo ankavina Pata Pata, mwiniwake anali wosaloledwa kuponda dziko limene gule uja anachokera.

Mwai wa ku America nawo sunakhalitse. M'chaka cha 1968 anakwatiwa ndi Stokely Carmichael, womenyera ufulu wa anthu akuda. Ambiri amene ankawaitana kukaimba anabwerera m'mbuyo, ndipo banjali linasamukira ku Guinea. Mai Makeba anabwerera kwawo m'chaka cha 1990, atakhala kunja zaka 31. Anamwalira ku Italy m'chaka cha 2008, atangotha kuimba Pata Pata pamaso pa anthu.

Tikambirane

1. Nyimbo ina ili pa nambala 40, ina pa nambala 12. Yapamwamba ndi iti?
2. Kuchokera 1967 kufika 1990 panapita zaka zingati? Lembani yankho m'kope lanu.
3. N'chifukwa chiani boma linaopa mbale za munthu woimba chabe?