Tisanagule Makina Otchetchera Udzu Ogwirapo Kale Ntchito

Amayi anzanga a m'bungwe la amayi achikatolika, amene mumaweta ng'ombe za mkaka kuno ku Kasina mukudziwa kuti kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula itagwa msipu umasowa, mkaka umachepa ndipo ana amayamba kudya phala lopanda kanthu. Njira yothetsera vutoli ndi kutchetcha udzu, monga wa Rhodes, ukangoyamba maluwa cha m'Malichi kapena Epulo, kuuyanika masiku awiri kapena atatu, n'kuusunga pamalo osadontha. Magulu ena a banki m'khonde amaganiza zogula makina akale omangirira kuthirakitala kuti ntchitoyi ipepuke. Ndi maganizo abwino, koma ndalama zake ndi thukuta la amayi ambiri. Pa Luka 14:28 Ambuye akutilangiza kuyamba tawerengera tisanayambe ntchito yaikulu.

Kodi makinawa ndi otani?

Ali ndi mkono wachitsulo wotalika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, umene umayenda chogona pansi kumbali kwa thirakitala. Pamkonopo pali mano osongoka olowa mu udzu, ndipo m'kati mwa manowo mumathamanga mpeni wautali wokhala ndi timipeni tangodya zitatu. Mpeniwo umapita uku ndi uku, n'kumadula ngati sizasi. Mphamvu imachokera ku shafiti ya kumbuyo kwa thirakitala, imene amakaniko amaitcha PTO. Pamathirakitala ambiri imazungulira ka 540 pa mphindi imodzi.

Yambani mwafunsana

Makinawa amafuna malo osalala, opanda mizere, miyala, zitsa ndi zulu. Minda yathu yambiri ndi ya mizere ndipo ina ili m'mapiri. Ngati udzu wanu uli m'mphepete mwa munda mokha, chikwakwa ndi zenga n'zokwanira. Funsaninso kuti thirakitala muzibwereka kwa yani, pamtengo wanji, ndipo kodi izipezeka nthawi yotchetcha. Mlangizi wa zaulimi ndi a CADECOM a dayosizi yathu ya Dedza angakuthandizeni kuwerengera.

Pokaona makina

Musapite nokha. Tengani makaniko wodziwa mathirakitala amene si mnzake wa wogulitsayo.

1. Funani kachitsulo kolembedwa dzina la kampani, monga Massey Ferguson, New Holland kapena John Deere, ndi nambala ya makinawo. Jambulani pafoni, kenaka mufunse m'masitolo a masipeyala ku Lilongwe ngati timipeni, mano ndi lamba wake zikupezeka. Makina osowa masipeyala ndi chitsulo chabe.

2. Yang'anani mkono kuchokera kunsonga. Ukhale wowongoka. Pamene anawotcherera pakusonyeza kuti unathyokapo. Penti watsopano asakunyengeni, amabisa ming'alu ndi dzimbiri.

3. Werengani timipeni ndi mano othyoka kapena osowa. Izi zimasinthika, koma mtengo wake muuchotse pamtengo wa makina.

4. Makina akale kwambiri amayendetsa mpeni ndi mtengo wathabwa. Onani ngati sunang'aluke. Ena amayendera lamba. Makaniko agwedeze ziwalo zozungulira: zikamagwejemuka, ndiye kuti maberingi anatha.

5. Onetsetsani kuti makinawo akukwana pamalo atatu omangirira a thirakitala imene muzigwiritsa ntchito, ndiponso kuti shafiti ili ndi chotchingira chake.

6. Musalipire musanawaone akudula udzu weniweni. Akamasiya udzu wosaduka, akamatsamwa kapena kuphokosera, ganizani kawiri.

Polipira pakhale lisiti yolembedwa nambala ya makina, mboni ziwiri za gulu ndi umboni woti wogulitsayo ndi mwini wake. Katundu wakuba apolisi amalanda, ndalama osabwerera. Msungichuma awerenge zonse pamsonkhano.

Moyo ndi wofunika kuposa udzu

Shafiti yozungulira ka 540 pa mphindi imazungulira ka 9 pa sekondi imodzi. Ikakola chitenje, duku kapena tsitsi, munthu sapeza mpata wodzipulumutsa. Musayandikire makina mutabereka mwana kapena mutavala zolendewera. Ana asakhale m'munda, chifukwa mwana wokhala pansi mu udzu wautali dalaivala samuona. Mpeni ukatsamwa, injini izimitsidwe kaye ndipo udzu uchotsedwe ndi ndodo. Pokweza mkono wa makina musaike zala pakati pa mano, popeza mpeni umatsetsereka wokha ngakhale injini itazima. Mayi woyembekezera asanyamule zitsulozi.

Wina akatemeka, psinjani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, kwezani chiwalocho ndipo thamangirani naye kuchipatala cha Kasina kapena chilichonse chapafupi. Musathirepo dothi, phulusa, ndowe kapena oyilo. Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa, chiikeni m'jumbo, mupite nacho. Bala lolowa dothi limabweretsa kafumbata, matenda oumitsa nsagwada amene amapha. Katemera wake kwa amayi a msinkhu wobereka amabayidwa kasanu, ndipo amatetezanso mwana wobadwa kumene. Tsegulani buku lanu lakuchipatala muone ngati munamaliza. Ngati ayi, pitani kusikelo.

Zokambirana pagulu

Kodi tili ndi malo osalala okwanira kuti makinawa abweze ndalama zathu?

Ndani azisunga, kunola ndi kupaka girizi makinawa, ndipo ndalama yokonzetsera izichokera kuti?

Nanga mayi wamasiye wa ng'ombe imodzi, amene sangathe kulipira thirakitala, timuthandiza bwanji?

Mayankho anu muwalembe m'buku la gulu, ndipo musatulutse ndalama mpaka onse atagwirizana.