Tsoka la Mtsinje wa Kafue

M'dziko la Zambia muli mtsinje waukulu wotchedwa Kafue. Mtsinjewu umadutsa m'chigawo cha Copperbelt, kumene kuli migodi yambiri ya mkuwa, ndipo umakathira mu Zambezi. Anthu ambiri amamwa madzi ake, amaphamo nsomba ndi kuthirira mbewu zawo.

Nthawi zambiri mkuwa supezeka pawokha m'nthaka ayi. Umakhala m'kati mwa miyala. Tsono pofuna kuupatula, antchito amapera miyalayo ndi makina, nathirako mankhwala aukali otchedwa asidi. Mkuwa ukachotsedwa, pamatsala matope ndi madzi apoizoni. Zotsalazi amazisunga m'madamu aakulu kuti zisafike kumitsinje.

Pa 18 Febuluwale 2025, khoma la damu lotere linagumuka ku Chambishi. Madzi apoizoni anasefukira mumtsinje wa Mwambashi, natsikira mu Kafue. Nsomba zinafa n'kumangoyandama. Chimanga cha m'mphepete mwa mtsinje chinauma. Mumzinda wa Kitwe mipopi inatsekedwa poopa kuti anthu angamwe madzi oipawo.

Boma la Zambia linaimitsa ntchito pamalopo. Linatumizanso ndege za asilikali kuti zikathire laimu mumtsinje, pakuti laimu amapha ukali wa asidi. Komabe nsomba zakufa sizinauke. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake maiko amaika malamulo oteteza chilengedwe. Ku Zambia lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA. Kuno ku Malawi lamulo la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA. Malamulowa amati mgodi usanatsegulidwe, eni ake ayambe afufuza mmene ntchitoyo idzakhudzire madzi, nthaka ndi anthu. Ayeneranso kufotokoza kumene adzasunge zotsala. Boma likakhutira, ndi pamene limapereka chilolezo. Woipitsa mtsinje ayenera kulipira ntchito youkonza.

Koma lamulo la pa pepala silitseka mng'alu wa damu. Pafunika oyendera okhulupirika amene aziyesa madzi kawirikawiri. Pafunikanso anthu a m'midzi amene saopa kukanena kwa mfumu akaona madzi asintha mtundu.

Nafenso tili ndi migodi, monga wa Kayelekera ku Karonga. Mitsinje ya kumeneko imakathira m'Nyanja ya Malawi. Migodi imabweretsa ntchito ndi chuma, koma miyala ya mtengo wapatali imatha. Mtsinje wosamalidwa bwino udzamwetsa ife ndi zidzukulu zathu.

Mafunso
1. Kodi mtsinje wa Kafue umakathira kuti?
2. Kodi mkuwa amaupatula bwanji ku miyala?
3. Tchulani zovuta zitatu zimene zinadza damu litagumuka.
4. Chifukwa chiyani anathira laimu mumtsinje?
5. Kodi mwambi woti "madzi akatayika saoleka" ukutiphunzitsa chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito
Pekani ziganizo ndi mawu awa: gumuka, sefukira, chilolezo, mng'alu.