Wotchi ya pamkono siyeza shuga

Lero tikambe za mawotchi amakono aja ovala pamkono, owerenga kugunda kwa mtima ndi mtunda umene mwayenda. Ena mwagula mumsika, ena anakutumizirani ndi ana anu ochokera ku Joni.

Vuto ndi ili. Mawotchi ena amalonjeza kuyeza shuga m'magazi popanda kubaya chala. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti asawakhulupirire. Wotchi imawalitsa kuwala kobiriwira pakhungu n'kumaona mmene magazi akudutsira m'mitsempha. Kugunda kwa mtima imakutsata bwino ndithu, koma shuga ayi. Wodwala akaona nambala yabodza n'kusintha mlingo wa insulin, akhoza kukomoka, ngakhale kutaya moyo kumene.

Ndiye amayi ndi abambo, mvetserani. Shuga yezani ndi kamakina kobaya chala, kapena kuchipatala. Mankhwala musasinthe chifukwa cha wotchi. Musawonjezere, musachepetse, musasiye, mpaka adokotala atanena.

Wotchiyo musaitaye, ili ndi ntchito yake. Ikasonyeza kuti mtima ukuthamanga kapena ukudumphadumpha inu muli chikhalire, lembani tsiku ndi nthawi, mukawaonetse adokotala pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala. Koma chifuwa chikapweteka kapena mpweya ukabanika, musadikire wotchi. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Tibwereze: wotchi siyeza shuga. Shuga yezani pobaya chala, mankhwala musasinthe panokha.