Bwato la mpikisano likakukulira: fizikisi ya wopalasa wopepuka

Mwezi wathawu ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa fizikisi zaka zingapo zapitazo. Pano akukhala ku Cape Town, ndipo analowa kalabu ya anthu opalasa surfski. Surfski ndi mtundu wa kayak ya mpikisano wapanyanja yamchere, bwato lowonda kwambiri la munthu mmodzi. Wopalasa amakhala pamwamba, m'kampando kolowa pansi, ndipo chiwongolero amachiyendetsa ndi mapazi. Za akatswiri zimatalika pafupifupi mamita 6.4, koma m'lifupi mwake ndi masentimita 43 mpaka 45 basi.

Uthenga wake unali wotere: "Aphunzitsi, ine ndimalemera makilogalamu 55. Bwato limene anandibwereka ndi la bambo wina wa makilogalamu 90. Iwo akakwera limayenda bwinobwino, koma ine mphepo imangondikhotetsa ndipo ndimagwera m'madzi pafupipafupi. Ndasunga ndalama chaka chonse kuti ndigule langa. Kodi vuto ndi ine kapena bwatolo?"

Funso limeneli ndinalikonda chifukwa yankho lake lili mu phunziro limene ambiri a inu mumangoliloweza pokonzekera MSCE, lamulo la Archimedes.

Chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana ndi icho chomwe. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti bwatolo limalemera makilogalamu 12. Ndi bambo aja, zonse pamodzi ndi 102. Lita imodzi ya madzi amchere imalemera pafupifupi makilogalamu 1.025, ndiye bwato liyenera kulowa pansi mpaka litakankha malita 99.5. Ndi mtsikanayu, zonse pamodzi ndi 67, ndipo madzi okankhidwa ndi malita 65.4 okha. Kusiyana kwake ndi malita 34, zigubu ziwiri za malita 20 zosadzaza bwino.

Nanga malita 34 amenewa akutanthauza chiyani? Tiyerekeze kuti malo amene bwato ladula pamwamba pa madzi ndi 1.5 m². Tikagawa 0.034 m³ ndi 1.5 m² tipeza mamita 0.023. Choncho mtsikanayu akakwera, bwatolo limakhala pamwamba ndi masentimita 2 kuposa mmene limakhalira ndi mwini wake.

Mwina mukuti, aaa, masentimita 2 okha? Inde, koma amene anapanga bwatolo anawerengera mzere umene madzi ayenera kufika, ndipo mawonekedwe ake onse anawakonzera mzere umenewo. Likakhala pamwamba pa mzerewo, zinthu zitatu zimasokonekera.

Choyamba ndi mphepo. Mbali yaikulu ya bwato imakhala kunja kwa madzi, makamaka kumutu, ndipo mphepo imapeza pogwira. Mphamvu ya mphepo imakula mogwirizana ndi kukula kwa malo amene ikuwomba, komanso liwiro lake likawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanayi. Onjezerani F = ma: mphamvu imodzimodziyo imasuntha makilogalamu 67 mosavuta kuposa 102. Ku Cape Town imeneyi si nkhani yaing'ono. Opalasa a kumeneko amadikirira dala mphepo yochokera kummwera chakummawa kuti iwakankhe kuchokera ku Miller's Point kukafika ku Fish Hoek, mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Amene munaonapo mwera utakwiya pa nyanja ya Malawi mukudziwa zimene ndikunena.

Chachiwiri ndi kukhazikika. Pansi pa bwato la mpikisano ndi pobulungira, ngati nsungwi yong'ambidwa pakati. Likalowa bwino m'madzi, madzi amafika pamene lili lotambalala. Likakwera m'mwamba, limatsamira pa kagawo kowonda ka pansi, ndiye limangogwedera. Wopalasa amataya mphamvu zambiri podziteteza kuti asagwe m'malo mopita patsogolo.

Chachitatu ndi chiwongolero. Chili pansi chakumbuyo, ndipo chimagwira ntchito chikakhala m'madzi. Funde likanyamula kumbuyo kwa bwato limene lili kale pamwamba, chiwongolero chimatulukako msanga, bwato n'kupingasa.

Palinso nkhani ya thupi. Anthu ambiri amaganiza kuti kupalasa ndi ntchito ya mikono. Ayi ndithu. Mphamvu imayambira ku mwendo ukakankha popondera, n'kudutsa m'chiuno ndi msana, kenako n'kufika pa nkhafi. Mpando ukakula umangoseleleka uku ndi uku. Popondera pakatalika, miyendo ilibe pokankha. Zili ngati kuthamanga utavala nsapato za akulu ako: mphamvu uli nazo, koma sizikufika pansi.

Nanga utali? N'zoona kuti bwato lalitali limatha kufika pa liwiro lalikulu, chifukwa silivutika kwambiri ndi mafunde amene limapanga lokha poyenda. Koma likamatalika, malo okhudzana ndi madzi amakulanso, ndipo kukhulana ndi madzi kumawonjezeka. Phindu la utali limaoneka kwa munthu amene ali ndi mphamvu zolithamangitsa kwambiri. Kwa wophunzira wopepuka, bwato lofupikirapo ndi lotambalalako pang'ono nthawi zambiri limamufikitsa msanga, chifukwa amapalasa osaleka ndipo sagwa.

Opanga mabwato amazidziwa zimenezi. Kampani ya Nelo ya ku Portugal imapanga mabwato ake m'masaizi monga M ndi L malinga ndi kulemera kwa wopalasa, ngati mmene zovala zimakhalira. Nayo kampani ya Epic inatulutsapo V10L, bwato lochepa mkati lopangidwira anthu opepuka.

Ndiye ndinamuyankha chiyani? Ndinamuuza kuti vuto si iye. Ndinati asathamangire bwato chifukwa choti akatswiri amakwera lomwelo. Ayambe waona kulemera kwa munthu amene bwatolo linapangidwira, ndipo asankhe limene makilogalamu 55 ali mkati mwa malire ake. Akhale mumpando aone ngati chiuno chikugwira mbali zonse ziwiri ndiponso ngati mapazi akufika popondera maondo atapindika pang'ono. Alilowetse m'madzi tsiku la mphepo, osati la bata lokha, ali ndi anzake, atavala jekete loyandamitsa komanso atadzimangirira ku bwato ndi chingwe chake. Adzigwetse dala m'madzi n'kuona ngati angathe kukweranso yekha. Ngati sangathe, bwatolo si lake, ngakhale litatchipa bwanji.

Pa za kulemera kwa bwato lenilenilo, ndinamuuza kuti awerengere yekha. Makilogalamu 3 ochotsedwa pa 67 ndi 4.5 peresenti, pamene pa 102 ndi 2.9 peresenti. Bwato lopepuka limathandiza kwambiri munthu wopepuka, ngakhale polinyamula kupita nalo kumadzi. Koma mabwato a carbon fibre ndi odula kuposa a fibreglass, ndipo ndalama zikachepa, kuli bwino kugula lolemerako koma lomukwana.

Yesani izi kunyumba. Tengani botolo lapulasitiki lopanda kanthu, litsekeni, muligoneke m'beseni la madzi, kenako muliuzire m'mbali. Onani mmene likuthawira ndi kuzungulira. Tsopano thiranimo mchenga pang'ono, muufalitse bwino, muuzirenso ndi mphamvu yomweyo. Lembani zimene mwaona, ndipo mufotokoze pogwiritsa ntchito mfundo yoyamba ija.

Funso la sabata ino nali. Mtsikanayu atabwera ndi bwato lake la makilogalamu 12 kudzapalasa ku Nkhata Bay, kumene lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, lingakankhe malita angati? Lingalowe pansi kwambiri kapena pang'ono poyerekeza ndi ku Cape Town? Onetsani masamu anu onse, osangolemba yankho.