Phokoso la Ndege

Ana a ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu, amaziona ndege zili m'mwamba kwambiri, zikuoneka zazing'ono ngati kabawi. Kulira kwake kumamveka chapatali, ndipo sikusokoneza munthu. Koma anzawo a ku Chileka, m'boma loyandikana nalo la Blantyre, amakhala pafupi ndi bwalo la ndege. Kumeneko ndege ikamanyamuka, anthu amayamba aleka kulankhula mpaka itapita.

Kuyambira m'chaka cha 1974 kufikira 1979, kampani ya Air Malawi inali ndi ndege yaikulu yotchedwa VC10, imene inkanyamula anthu kuchokera ku Chileka kupita ku London. Ndegeyi inali ndi mainjini anayi kumchira kwake, ndipo ponyamuka inkagunda ngati bingu. Ndege za masiku ano sizilira motero, komabe phokoso likadalipo.

Kodi phokoso lingathe kuyezedwa? Inde. Monga timayeza chimanga pasikelo, phokoso nalonso lili ndi muyeso wake wotchedwa desibelo. Munthu akamanong'ona, mau ake amakwana madesibelo 30. Anthu akamacheza, mau awo amakwana 60. Phokoso lopitirira 85 limaononga makutu a munthu amene akhalamo maola ambiri tsiku ndi tsiku. Tsono ndege ya jeti ikamanyamuka, munthu amene ali pafupi amamva phokoso lopitirira madesibelo 120.

Ndege za jeti zitayamba kuchuluka, anthu okhala pafupi ndi bwalo la Heathrow ku London anadandaula kwambiri. M'chaka cha 1961 boma la Britain linatuma anthu kukafunsa mabanja a kumeneko za vutoli. Anapeza kuti anthu ankavutika ndi zinthu ziwiri: kukula kwa phokoso la ndege iliyonse, ndiponso kuchuluka kwa ndege zodutsa pa tsiku. Boma linaika malire a ndege zouluka usiku, ndipo pambuyo pake linathandiza mabanja ena kuika mazenera ochinga phokoso m'nyumba zawo.

Chiyambire nthawi imeneyo, maiko ambiri amachita kafukufuku wotere. Akatswiri amaika zida zoyezera phokoso m'midzi yozungulira bwalo. Kenaka amajambula mapu osonyeza malo a phokoso lalikulu ndi malo a phokoso lochepa. Mapu amenewa amathandiza boma kudziwa kumene sikuyenera kumangidwa sukulu, chipatala kapena nyumba zogona.

Nkhani yokhudza ana a sukulu inachitika mumzinda wa Munich ku Germany. M'chaka cha 1992 bwalo lakale la ndege la mumzindawo linatsekedwa, ndipo latsopano linatsegulidwa kudera lina. Akatswiri anayesa ana oposa 300 a msinkhu wanu, bwalo lisanasamuke ndiponso litasamuka. Poyamba, ana okhala pafupi ndi bwalo lakale ankalephera kuwerenga mau ovuta ndi kukumbukira zimene awerenga, poyerekeza ndi anzawo a kumalo a bata. Phokoso litatha, anawo anayamba kuchita bwino. Koma ana a kufupi ndi bwalo latsopano, amene kale ankawerenga bwinobwino, anayamba kubwerera m'mbuyo.

Nanga n'chifukwa chiyani zinatero? Ndege ikamadutsa, mphunzitsi amadukiza phunziro, kapena mau ake amamira m'phokoso. Mwana amataya nkhani imene amatsata, ndipo zimamtengera nthawi kuti aipezenso. Usiku tulo take timadukadukanso, kotero kuti m'mawa amafika m'kalasi ali wotopa. Anawo sanali aulesi ayi. Chimene chinkawabera maphunziro chinali phokoso.

Kuno kwathu, bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwa m'chaka cha 1983 ku Lumbadzi, mtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera mumzinda wa Lilongwe. Bwalo likakhala kutali chotere, anthu ambiri amapulumuka ku phokoso. Komabe pamene pali bwalo pamabwera ntchito ndi malonda, ndipo pang'ono ndi pang'ono anthu amasendeza nyumba zawo kufupi ndi mpanda. N'chifukwa chake mafumu ogawa malo ayenera kumvana ndi boma asanapatse munthu malo oyandikana ndi bwalo.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza chilengedwe, limene linakhazikitsidwa mu 1996 ndi kukonzedwanso mu 2017. Lamuloli limati ntchito yaikulu, monga yomanga bwalo la ndege, isanayambe, akatswiri ayambe afufuza mavuto amene ingadzetse, ndipo amve maganizo a anthu a m'deralo. Pamsonkhano wotere makolo ali ndi ufulu wofunsa kuti ndege zizidzadutsa kuti, nthawi yanji, ndiponso kuti sukulu ya ana awo idzatetezedwa bwanji.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Ndege zimatibweretsera alendo, mankhwala ndi katundu, koma zimabweranso ndi phokoso. Boma likayeza phokosolo ndi kumvera anthu, ndege zimauluka, ndipo ana amaphunzira mwabata.

Mafunso

1. Kodi muyeso wa phokoso umatchedwa chiyani?
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene zinkavutitsa anthu a kufupi ndi bwalo la Heathrow.
3. Kodi mapu a phokoso amathandiza bwanji boma?
4. Fotokozani zimene zinachitikira ana a ku Munich bwalo la ndege litasamuka.
5. Kodi mwambi woti "walira mvula walira matope" ukutanthauzanji m'nkhaniyi?

Ntchito

1. Pangani ziganizo ndi mau awa: nong'ona, bata, dukiza, kafukufuku, sendeza.
2. Lembani zinthu zitatu zimene zimachita phokoso pafupi ndi sukulu yanu, monga chigayo. Kambiranani ndi anzanu njira zochepetsera phokosolo.