PHUNZIRO 6: NYUMBA ZAKALE ZA PA BOMA

Tikamati "ndikupita ku boma" timatanthauza malo amene kuli ofesi ya DC, polisi, khoti ndi ndende. Mawu akuti boma anachokera ku Chiswahili, ndipo tanthauzo lake ndi linga. Angerezi atayamba kulamula dziko lino mu 1891, ankalowera kuno ku Chigwa cha Shire, chifukwa mtsinje ndiwo unali msewu. Nchifukwa chake Chiromo, Chikwawa ndi Port Herald, amene lero timati Nsanje, ndi ena mwa maboma akale kwambiri m'Malawi.

Tiyeni tiyang'anitsitse mamangidwe a nyumba za nthawi imeneyo. Makoma ndi ochindikala, a njerwa zootcha. Maziko ndi okwera, denga la malata lili patali ndi mutu, ndipo khonde ndi lalikulu. Omangawo ankaopa zomwe timaopa ifenso: kutentha kwa mu Okutobala, chiswe ndi madzi osefukira. Boma la Chikwawa analiika pamtunda, Shire ali pansi. Kunena zoona, nyumba zambiri zatsopano zimatentha kuposa zakalezi, ndipo amisiri athu akhoza kutolapo nzeru.

Koma khondelo silinali la mthunzi wokha. Pamenepo makolo athu ankakhala pansi, chipewa chili m'manja, kudikira kupereka msonkho wa nyumba kapena kumva chigamulo cha bwana. M'zaka za m'ma 1950 ambiri analipitsidwa chindapusa chifukwa chokana kulima mizere. Ena amati nyumba zotere zingogwa basi, pakuti zimakumbutsa nkhanza. Ife tikuona mosiyana. Njerwazo anaumba ndi agogo athu, ndipo ndalama zake zinachokera ku msonkho wawo. Lero malamulo a dziko lino akuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti, ndipo mwana amene waona pomwe agogo ake ankagwada amamvetsa msanga mtengo wa ufuluwo.

Palinso nkhani ya mapepala. Mafayilo a milandu ya minda ndi chuma cha masiye amasungidwa m'maofesi a pa boma. Denga likamadontha, kapena madzi akalowa monga analowera m'nyumba zambiri mu 2015 ndi mu 2023, wolira ndi mayi wamasiye amene umboni wake wanyowa. Lamulo loteteza nyumba zakale lilipo, la Monuments and Relics Act, koma lamulo silikhoma malata. Nkhaniyi tiyenera kuifikitsa kwa makhansala athu ndi ku komiti ya chitukuko ya ADC.

Zokambirana m'miphakati
1. Ndi nyumba iti yakale kwambiri pa boma lathu? Akuluakulu akukumbukira zotani za iyo?
2. Inakonzedwa liti komaliza, nanga tingakafunse kwa yani?