Kampani imadziwa bwanji kuti bandulo yatha?

Zikomo bambo a ku Mponela chifukwa cha kalata yanu. Mukufunsa kuti kampani ya foni imadziwa bwanji kuti bandulo yatha, inu muli mkati moonera vidiyo.

Bambo, mukayatsa data, netiweki sikutsegulirani bandulo yonse nthawi imodzi ayi. Imayamba yafunsa kompyuta yosunga akaunti yanu, kompyutayo n'kupatula kagawo kochepa. Kagawoko kakatsala pang'ono kutha, netiweki imapemphanso kena. Zili ngati mayi wogulitsa mafuta ophikira pamsika, amene amakuyezerani pang'onopang'ono maso ali pa ndalama yanu. Bandulo ikatha, pempho limakanidwa, intaneti n'kuduka. Apo ayi foni imayamba kudya mayunitsi, ndipo apa m'pamene ambirife timalira.

Pa 4G, makina owerengera pompopompo ndi osunga bilu ya pamwezi amakhala osiyana. Pa 5G, bungwe loika malamulo a netiweki za mafoni la 3GPP linawaphatikiza kukhala dongosolo limodzi m'malamulo ake a 2018.

Komatu musaganize kuti bandulo izikhalitsa. Netiweki ikamathamanga, YouTube imadzisankhira zithunzi zooneka bwino kwambiri, zomwe zimadya data yambiri. Tsitsani nokha mlingo wa kaonekedwe ka zithunzizo pafoni panu, bambo.